Agogo a Norma ndi nyumba yoyenda pamseu

Ku dziko la America kuli galimoto ya mtundu wina imene kuno sitiiona kawirikawiri. Kunja imaoneka ngati basi, koma m'kati mwace ndi nyumba. Muli kama, meza, mipando, mbaula ya gasi, bafa ndi cimbudzi. Eni ace amaicha motorhome, ndiko kunena nyumba yokhala ndi injini. Ife pano tiziti nyumba yoyenda.

Ambiri mwa ogula nyumba zotere ndi anthu amene apuma panchito. Agwira nchito zaka 30 kapena 40, ana akula, ndipo ndalama ya penshoni iri kubwera mwezi ndi mwezi. Tsono amati, tisanafooke miyendo, tiyeni tikaone dziko lathu. Mwa anthu amenewa tasankha kukamba za mmodzi, mai Norma Bauerschmidt, amene anayamba ulendo wao ali ndi zaka 90. Nkhani yao sinaticoke m'mutu kuyambira tsiku limene tinaimva, cifukwa nafenso tiri ndi nkhalamba pakhomo.

Funso limene anafunsidwa

A Norma anabadwa m'caka ca 1925. Pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anatumikira m'gulu la akazi la asilikali a pamadzi. Anakwatiwa ndi a Leo, nakhala nao zaka 67. Paukalamba wao awiriwa anali kukhala ku Presque Isle, mudzi waung'ono wa m'mbali mwa nyanja ya Huron, m'cigawo ca Michigan. Nyanja ya Huron ndi ya madzi opanda mcere monga nyanja yathu ya Niassa, koma kukula kwace n'kuwirikiza kawiri. Kumeneko nyengo ya cisanu ndi yoopsa, kotero kuti madzi a m'mbali mwa nyanja amauma gwa ngati mwala.

M'mwezi wa Julayi 2015 a Leo anamwalira. Patangopita masiku awiri, a Norma anali m'cipinda ca dotolo. Dotolo anawauza kuti m'ciberekero mwao muli cotupa cacikulu ca khansa. Anawafotokozera njira za cipatala: opareshoni, kuocha cotupaco ndi makina, ndi mankhwala amphamvu olowa m'mitsempha. Panalinso bvuto lina. Popanda a Leo, iwo sakanatha kukhala okha m'nyumba. Ku America nkhalamba zambiri zimapita ku nyumba zosungiramo okalamba, kumene zimasamalidwa ndi anchito, abale n'kumalipira.

Mwana wao wamwamuna, a Tim, ndi mpongozi wao, a Ramie, anali anthu ozolowera kale moyo wa pamseu. Anali kukhala m'kanyumba kakang'ono kokokedwa ndi galimoto. Iwo anawaikira mai ao njira ziwiri poyera: kupita ku nyumba ya okalamba, kapena kutsagana nao paulendo. Sanawasankhire. Anawafunsa, nadikira yankho.

A Norma anamuuza dotolo kuti iwo ali ndi zaka 90, ndipo asankha mseu. Dotolo sanatsutse. Iye anadziwa kuti pa msinkhu umenewo opareshoni yaikulu ingathe kumtenga munthu, kapena kumgoneka pakama masiku ace onse otsala. Banjalo linapeza nyumba yoyenda yaikulu, yotalika mamita pafupifupi 11. M'mwezi wa Ogasiti 2015 ananyamuka anthu atatu ndi galu wao Ringo.

Nyumba yoyenda imafuna ciani

Tisaganize kuti moyo wa m'nyumba yoyenda ndi kungokhala pazenera. Nyumba ya kumudzi iri ndi citsime pafupi, dzala kuseri, ndi cimbudzi cokumba pansi. Nyumba yoyenda iyenera kunyamula zonsezi pamsana.

Pansi pace pali mathanki atatu. Loyamba ndi la madzi abwino, akumwa ndi ophikira. Laciwiri limalandira madzi ocokera kubafa ndi kotsukira mbale. Lacitatu ndi la zonyansa za m'cimbudzi. Loyamba likamatha, enawo ali kudzaza. Pakapita masiku owerengeka mwini nyumba ayenera kupita pa malo okonzedwera nchito imeneyi, kulumikiza paipi, ndi kukhuthulira zonyansa m'dzenje lotsekedwa. Kutaya pambali pa mseu ndi mlandu. Munthu wokhala m'nyumba yotere amaphunzira kusamala madzi monga amacitira mai amene citsime cace ciri kutali.

Moto wophikira umacokera m'botolo la gasi. Magetsi amacokera m'mabatire, m'kainjini kakang'ono, kapena m'magalasi olandira mphamvu ya dzuwa oikidwa padenga. Madzulo apaulendo amaima pa misasa yolipira, pamene pali pompi ya madzi ndi polumikizira magetsi.

Woyendetsa nayenso ali ndi zace. Ayenera kudziwa msinkhu wa galimoto yace, cifukwa pali milatho ina yaifupi imene ingadule denga. Pokhota ayenera kukumbukira kuti matayala akumbuyo ali kutali ndi iye. Asananyamuke amatseka makabati onse, apo phuluzi mbale ndi makapu zigwa pa kona yoyamba. Mafuta ndiwo amadya ndalama koposa. Nyumba yoyenda yaikulu imamwa malita pafupifupi 30 pa makilomita 100 alionse.

Ozolowera maulendo otere ali ndi langizo limene amapatsa oyamba kumene. Amati usayende makilomita oposa 480 pa tsiku, ufike pogona nthawi isanapitirire 3 koloko masana, ndipo ukhale pamalopo mausiku atatu. Langizo limeneli n'lofunika kwambiri pamene uli ndi nkhalamba yodwala. A Norma anali kuyenda pa mpando wa matayala, a Tim akukankha. Ulendo wao unali wa pang'onopang'ono, wotsata mphamvu za mwini ulendo.

Cimene cinawathandiza ndi miseu. M'caka ca 1956, pa ulamuliro wa Pulezidenti Eisenhower, boma la America linakhazikitsa lamulo lomanga miseu ikuluikulu yolumikiza zigawo zonse. Wautali koposa ndi I-90, wocokera ku Boston kum'mawa kufika ku Seattle kumadzulo, makilomita oposa 4,800. Kumeneku ndi ngati kuyenda mseu wathu wa N1 kucokera ku Maputo kufika ku Pemba, ndi kubwereranso.

Zimene anaona

Atacoka ku Michigan analowera kumadzulo. Anafika ku phiri la Rushmore, m'cigawo ca South Dakota. Paphiri limeneli anasemapo nkhope za mapulezidenti anai: George Washington, Thomas Jefferson, Theodore Roosevelt ndi Abraham Lincoln. Nkhope iriyonse ndi yotalika mamita 18, ndipo nchitoyo inagwiridwa kuyambira 1927 mpaka 1941. Koma phiri limeneli liri ndi mbiri inanso. Liri m'mapiri a Black Hills, malo opatulika a anthu a mtundu wa Lakota. Pangano la 1868 linati malowa ndi ao. Golide atapezeka, boma linawalanda m'caka ca 1877. M'caka ca 1980 khoti lalikulu la dzikolo linabvomereza kuti kulandako kunali kosalungama, nililamula kuti alipidwe. A Lakota anakana ndalamazo, nati iwo afuna nthaka yao.

Kucoka apo anapita ku Yellowstone, nkhalango yosungidwa ndi boma kuyambira 1872. Kumeneko pansi pa nthaka pali moto. Madzi a mvula amalowa m'ming'alu, amatentha, ndipo amatumphuka m'mwamba pamodzi ndi nthunzi. Kasupe wochuka koposa ndi Old Faithful. Iye amaponya madzi otentha mamita 30 kapena kuposa, napuma pafupifupi ola limodzi ndi theka, nayambanso. Muli njati za kumeneko zoyenda m'magulu, zimene zimatseka mseu magalimoto n'kudikira.

Anaonanso Grand Canyon, m'cigawo ca Arizona. Ici ndi cigwa cimene mtsinje wa Colorado unakumba pa zaka mamiliyoni. Kutalika kwace ndi makilomita 446, ndipo pena kuya kwace kumafika mamita 1,800. Munthu akaima pamphepete, mtsinje umaoneka pansi ngati ulusi.

Cisanu citayamba kumpoto, anatsikira kumwera, monga amacitira apaulendo ambiri a nyumba zoyenda. M'mwezi wa Januwale 2016 anali ku Florida. Kumeneko a Norma anacita cinthu cimene iwo ndi a Leo anacilakalaka kwa zaka zambiri osacicita: anakwera cibaluni ca mpweya wotentha. Cibaluni ndi thumba lalikulu la nsalu, ndipo pansi pace pamamangidwa dengu lokhalamo anthu. Akayatsa moto wa gasi kukamwa kwa thumbalo, mpweya wa m'kati umatentha, umapepuka, ndipo dengu limanyamuka. Mai wa zaka 90, wamasiye, wa cotupa m'mimba, analowa m'dengumo nauluka pamwamba pa minda.

Zina zimene anacita koyamba zinali zazing'ono. Anakwera kavalo. Analawa nkhono za m'nyanja ya mcere. Anakonzetsa zikhadabo za kumapazi. Kwa wina izi n'zacabe. Koma tiganize: munthu wakhala zaka 90 padziko, ndipo m'mawa uliwonse ali kudzuka ndi kanthu kacilendo komudikira.

A Ramie anali kuika zithunzi za ulendowu pa Facebook, ndipo anthu oposa 400,000 anayamba kuutsatira. Anthu osawadziwa anali kuwaitana kunyumba zao ndi kuwaphikira. Ambiri anali kuwauza a Norma za maliro ao ndi za odwala ao. A Tim ananena pambuyo pace kuti paulendowu ndi pamene anawadziwa bwino mai ao, amene kale anali munthu wa mau ocepa.

Ali paulendo anakwanitsa zaka 91. M'mwezi wa Ogasiti 2016 thupi linayamba kufooka. Apo n'kuti ali ku Friday Harbor, pa cilumba ca San Juan, m'cigawo ca Washington, kumapeto kwa dziko cakumadzulo. Anamwino osamala anthu otsala pang'ono kufa anayamba kubwera kudzawaona ndi kucepetsa ululu. Pa 30 Seputembala 2016 a Norma anamwalira. Anali atayenda makilomita pafupifupi 21,000, m'zigawo 32 mwa zigawo 50 za dzikolo. M'caka ca 2017 a Tim ndi a Ramie anatulutsa buku la ulendowu, lochedwa Driving Miss Norma.

Tisamve molakwa

Abale, pali zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzinena poyera.

Coyamba ndi ca cipatala. Nkhani iyi siiri kunena kuti wodwala athawe dotolo. A Norma anapita kucipatala, anapimidwa, anamva dzina la matenda ao, namva njira zonse. Anasankha atadziwa, ndipo anali ndi zaka 90. Mai wa zaka 30 kapena 50 amene aona magazi osayembekezeka kapena cotupa, apite kucipatala msanga. Khansa ya khomo la ciberekero imapha amai ambiri kuno, koma ikapezeka msanga imacizika. Ndiponso a Norma sanasiye mankhwala onse. Ululu utakula, anamwino anali pafupi.

Caciwiri ndi ca ndalama. Nyumba yoyenda ndi ya mtengo wapatali, ndipo si nkhalamba iriyonse ya ku America ingaigule. Kulinso ena okhala m'magalimoto osati mwa kufuna kwao. Cuma citagwa m'caka ca 2008, anthu ambiri analandidwa nyumba polephera kubweza ngongole. Ena mwa iwo, a zaka 60 ndi 70, anayamba kugona m'magalimoto akale, akuyenda kufuna ganyu m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'minda. Mlembi Jessica Bruder anakhala nao, nalemba buku la Nomadland m'caka ca 2017. Conco pamseu umodzi pamayenda anthu awiri. Wina ali kuona dziko, wina ali kufuna pogona.

Kwa ife kuno

Ife tiribe nyumba zoyenda, ndipo sitiri kunena kuti tizifune. Mwambo wathu ndi wabwino. Nkhalamba imakhala pakati pa ana ndi adzukulu. Imadya nafe, imaweruza milandu ya pabanja, ndipo ikadwala timagona pambali pace. Ici tisacitaye.

Cimene tinatola m'nkhani ya a Norma si galimoto iai. Ndi funso lija. Ana ao anawafunsa cimene iwo eni afuna, ndipo atayankha anawamvera. Kawirikawiri munthu akakalamba, cikondi ca abale cimamzinga ngati mpanda. Wina amati agogo asayende, angagwe. Wina amati asauzidwe za matenda, angade nkhawa. Onse afuna zabwino. Koma pakati pa mpandapo pali munthu wa maganizo ace, amene sanafunsidwe.

Tsiku lina madzulo tinawafunsa agogo athu aamuna, kwathu ku Metangula. Iwo anapuma nchito ya ulonda kalekale, ndipo masiku ano amakhala pakhonde akusoka maukonde a anthu. Tinati, "Agogo, mukanakhala ndi mpata woyenda, mukanapita kuti?"

Tinayesa kuti achula Maputo kapena nyanja ya mcere. Iwo anaika ukonde pansi, nakhala cete kanthawi. Kenaka anati, "Ana inu, ndiri mnyamata ndinagwira nchito pa njanji yobwera ku Vila Cabral. Ndinasenza mitengo yoyala pansi pa zitsulo, pa mapewa awa. Sitima inafika, azungu anaomba m'manja, ife anatilipira n'kutiuza kuti tizipita. Kufikira lero sindinakhalepo pampando m'sitima imeneyo."

Vila Cabral ndi dzina la Lichinga pa nthawi ya atsamunda. Njanji yocokera ku Cuamba inafika kumeneko m'caka ca 1969. Pambuyo pace inaonongeka, ndipo inatsegulidwanso m'caka ca 2016 itakonzedwa. Kutalika kwace ndi makilomita 262. Nkhani ya mapewa ao inali yacilendo kwa tonse, ngakhale kwa mai athu amene ndi mwana wao.

Pabanja panali kukambirana. Azakhali anati ulendo ndi wautali, ndipo mawondo a agogo ndi otupa. Mau ao anali oona. Tsono tinapita kaye ndi agogo kucipatala. Namwino anawapima, nawapatsa mankhwala, natiuza kuti asakhale nthawi yaitali osatambasula miyendo. Tinasonkha ndalama miyezi itatu. Tinakwera chapa kupita ku Lichinga, tinagona kwa acibale mausiku awiri kuti apume, ndipo m'mawa mwace tinawakweza sitima.

Anakhala pazenera, cipewa ciri pabondo. Sitima itafika ca ku Catur anayamba kuloza. Apa panali msasa wathu. Apo tinali kutunga madzi. Paja mnzanga wina anaphwanyika phazi. Anachula maina a anzao mmodzimmodzi, ndipo onsewo anatsogola kale. Anthu a m'mipando yapafupi anasiya nkhani zao nayamba kumvetsera. Mnyamata wina anawagulira nthoci, nati, "Agogo, ndiye kuti tiri kuyenda pa mapewa anu." Agogo anaseka mpaka misozi.

Titabwerera anagona masiku awiri ndi kutopa, ndipo azakhali sanalephere kutikumbutsa mau ao. Koma tsiku lacitatu anaturuka pakhonde. Kuyambira pamenepo ana a m'mudzi amabwera kudzamva za sitima, ndipo nkhaniyo imatalika tsiku ndi tsiku.

Makilomita 262 si makilomita 21,000. Sitima ya ku Cuamba si nyumba yoyenda ya mamita 11. Koma nkhalamba ziwirizi zinali ndi kanthu kosungidwa mumtima zaka zambiri. Kwa a Norma kanali cibaluni. Kwa agogo athu kanali mpando wa pazenera. Kwa nkhalamba ina kangakhale manda a mbale wace kutsidya kwa phiri, mudzi umene anabadwira, kapena mdzukulu amene sanamuonepo. Zina mwa izi n'zotheka ndi ndalama ya thumba limodzi la cimanga. Zina sizitheka, ndipo tiyenera kuwauza zoona. Koma sitingadziwe cotheka ndi cosatheka ngati sitinafunse.

Kupuma panchito si kupuma pa moyo. Nkhalamba ikadali ndi maso ofuna kuona, ndiponso pakamwa ponena za masiku ace. Nthawi yofunsa ndi ino, pamene miyendo ikadali kubvomera.

Tikambirane

1. Kodi a Tim ndi a Ramie anacita ciani asananyamuke ndi mai ao?
2. Cifukwa ciani mai wa zaka 40 sayenera kucedwa kupita kucipatala akaona cotupa?
3. Kodi nkhalamba ya pakhomo panu ifuna kuona malo ati? Munaifunsapo?